Za Maya Angelou zija ine zinandiliritsa

Achemwali amene mukufunsa ngati n'bwino kulemba pulojekiti ya chaka chomaliza pa Maya Angelou, mlakatuli wa ku America, funso lanuli landitsegula chilonda. Inenso ndinasankha mayi yemweyu. Miyezi inayi ndikugona mochedwa, ndalama yosindikizira ndinachita kubwereka kwa mnzanga wa m'chipinda. Tsiku lokaonetsa ntchito, aphunzitsi ondiyang'anira sanafike ndi tsamba lachitatu lomwe. Anangotenga cholembera chofiira n'kukhwatcha mutu wonse, n'kunena pamaso pa kalasi kuti awa ndi mavesi a pa makadi a mafuno abwino, munthu sangapezere digiri. Anzanga kuseka. Mapepala anawakankha, ena anagwera pansi pa tebulo, ndinatola chogwada manja akunjenjemera. Kawaya komangira mapepala kanandibaya chala, magazi n'kudontha pa tsamba loyamba penipeni pa dzina langa.

Mpaka lero zimandiwawa. Bambo amene aja sanawerengepo I Know Why the Caged Bird Sings, buku la mbiri ya moyo wa Maya la 1969, ndinaona pa mafunso awo. Mayiyu anagwiriridwa ali kamtsikana ndi chibwenzi cha amayi ake. Atamutchula, munthuyo anapezeka ataphedwa, ndipo mwanayo anaganiza kuti pakamwa pake ndi pamene papha munthu. Anakhala duu osayankhula pafupifupi zaka 5 kwa agogo ake ku Stamps, Arkansas. Amene anamutsegula pakamwa ndi mayi Bertha Flowers, pomulimbikitsa kuti ndakatulo aziitchula mokweza. N'chifukwa chake ndakatulo zake, ngati Still I Rise ya 1978, ndi za khutu. Ife amene tinakula tikumva alakatuli pa wailesi timadziwa kuti mawu obwerezabwereza ndi ng'oma ya ndakatulo, aphunzitsi aja ankati ndi kuperewera luso. Mu 1993 analakatula On the Pulse of Morning pa mwambo wolumbiritsa Bill Clinton kukhala pulezidenti wa America, zomwe zinali zisanachitikenso chilakatulire mlakatuli Robert Frost pa wa pulezidenti Kennedy mu 1961. Anakhalakonso ku Accra, Ghana, ndipo Mandela atamwalira mu 2013 anamulembera His Day Is Done, iye n'kutsatira mu May 2014. Munthu woteroyo ati wa pa makadi!

Ndiye lembani ndithu achemwali, musalole munthu akuchotseni pa mlakatuli amene mumamukonda. Mverani kaye mawu ake pa YouTube musanalembe chilichonse, muone pomwe amapumira. Koma musasindikize tsamba ndi limodzi lomwe okuyang'anirani asanasaine kuti avomera mutuwo. Akangoonetsa nkhope yokana, sinthani msanga, musalimbane nawo, malikisi ali m'manja mwawo. Ine ndinasintha, ndinalemba za mlakatuli wina wa ku America, Langston Hughes, m'masabata 6 ndipo ndinakhoza. Mapepala a Maya aja ndikanali nawo m'sutikesi, ndi dontho la magazi lija.