Abambo adwala dementia yafika pomaliza: hospisi ndiipeza bwanji?

Mayi wina wa ku Leeds wandilembera za amuna ake a zaka 74, omwe akhala ndi dementia (matenda a ubongo oiwalitsa) kwa zaka 8. Pano sayendanso, mawu anatha, amatsamwa akamadya, ndipo chaka chino agonekedwa kawiri ndi chibayo. Akuti: "Ndinaimbira hospisi, anati ndidzere kwa GP (dokotala wathu wa kukliniki). GP akungoti tiona. Usiku sindigona. Ndiyambire pati?"

Pepani amayi, mwasenza katundu wolemera. Tiyambe ndi kuwongola chinthu chimodzi. Ku England hospisi, yomwe imasamalira odwala amene sangachirenso, si malo okawasiya abambo mpaka kalekale. Mabedi ndi ochepa, ndipo ambiri amakhalako sabata imodzi kapena ziwiri, kuti ululu ugonje kapena pamasiku otsiriza. Komanso wodwala dementia akasintha malo amasokonezeka kwambiri. Chimene muyenera kulimbira ndi chakuti chisamaliro cha hospisi chibwere kunyumba: anamwino a hospisi, ma district nurse (anamwino oyendera odwala kunyumba), ndi a bungwe la Marie Curie omwe amachezera ndi wodwala usiku kuti inu mugoneko.

GP akuzengereza chifukwa dementia simatsika ngati khansa. Imapita pang'onopang'ono, munthu nkutsitsimukako, ndiye dokotala saona poyambira kunena kuti mapeto ayandikira. Ife Amalawi timawonjezeranso vuto: akatifunsa timati "aliko bwino pang'ono", mwaulemu, dokotala nkulemba zomwezo. Lekani zimenezo. Tengani kope, mulembe kwa sabata imodzi: masipuni angati adya, atsamwa kangati, agona maola angati, ali ndi zilonda za pabedi kapena ayi, sikelo inkati bwanji miyezi 6 yapitayo ndipo ikuti bwanji lero. Kutsika sikelo ndi 10 peresenti pa miyezi 6, kuphatikiza chibayo chobwerezabwereza, madokotala amakutenga ngati chizindikiro chachikulu. Kenako funsani mosapita m'mbali: "Adokotala, mungadabwe abambowa atamwalira m'miyezi 12 ikubwerayi?" Funso limeneli amaligwiritsa ntchito okha. Akati sangadabwe, pemphani kuti awaike pa palliative care register (kaundula wa odwala amene akuyandikira mapeto) ndipo alembe kalata yowatumiza ku hospisi.

Pa ndalama pali fomu yotchedwa Fast Track ya NHS Continuing Healthcare, chisamaliro cholipiridwa ndi NHS, bungwe la boma la zaumoyo. Amalemba dokotala kapena namwino amene akuwasamalira, ponena kuti wodwala akufooka mofulumira ndipo mwina akulowa gawo lomaliza. Ikavomerezedwa, NHS imalipira osamalira obwera kunyumba kapena malo ku nursing home osayang'ana zomwe muli nazo, ndipo thandizo limayenera kukonzedwa m'maola 48, ngakhale kusowa kwa antchito kumachedwetsa. Mukadzera ku khonsolo, iwo amawerenga chuma, ndipo woposa £23,250 amadzilipirira. Pemphaninso dokotala kapena namwino alembe fomu ya SR1 kuti Attendance Allowance, ndalama ya boma ya okalamba ofunika chisamaliro, ituluke msanga. Koma ngati visa ya abambo imaletsa public funds (thandizo la ndalama za boma), funsani kaye wodziwa malamulo musanapemphe ndalama imeneyi.

Mapepala awiri asasowe m'nyumba. Loyamba ndi ReSPECT kapena DNACPR, lolembedwa kuti mtima ukaima asayesere kuudzutsa. Popanda limeneli, a ambulansi akafika mtima utaima amayamba kudinikiza pachifuwa, nthiti za munthu wofooka zimathyoka, ndipo pa dementia yafika apa mtima sudzuka kawirikawiri. Liikeni poonekera, osati m'sutikesi. Lachiwiri limayenda ndi mankhwala osungira mwadzidzidzi, omwe amati just in case: morphine wa ululu ndi befu, midazolam wa kubalalika, glycopyrronium wochepetsa kulira kwa makhololo pakhosi, ndi wina woletsa mseru. Chimene chimalakwika kawirikawiri nchakuti bokosi lilipo koma pepala lololeza namwino kubaya silinasainidwe. Namwino amafika Loweruka usiku, manja nkumangika. Yang'anani siginecha tsiku lomwe bokosi lafika.

Nkhani ya chakudya ndi imene idzakulizeni kwambiri, chifukwa achibale a kumudzi adzaimba pa WhatsApp kuti mukuwapha ndi njala, bwanji osawaika chubu. Malangizo a 2018 a NICE, bungwe lolangiza zachipatala ku England, amati chubu chisamaikidwe mwachizolowezi kwa wodwala dementia yoopsa. Sichiletsa chibayo, poti malovu amalowabe m'mapapo, ndipo wodwala amachizula. Thupi likamatseka, njala imathanso. Muziwadyetsa akakhala maso, atakhala tsonga, ndi kasipuni ka tiyi. Phala losalala lopanda mibulu limatsika bwino kuposa madzi, omwe amathamangira kukhosi. Dikirani muone kholingo lakwera ndi kutsika musanapereke sipuni ina, ndipo akhale tsonga kwa mphindi 30 akatha. Akatseka pakamwa kapena kutembenuza mutu, basi, musakakamize. Pemphani speech and language therapist (katswiri wa kulankhula ndi kumeza) adzaone kamezedwe kawo. Akadzasiyiratu kumeza, ntchito yanu idzakhala kunyowetsa milomo ndi m'kamwa.

Munthu wosalankhula ululu wake umaoneka pankhope: kukwinya, kubuula, kuumitsa thupi mukamawatembenuza. Anamwino amauyeza ndi Abbey Pain Scale. Asanawapatse mankhwala ogonetsa, afufuze kaye kudzimbidwa, mkodzo wotsekeka, ndi zilonda zoyera za m'kamwa. Zitatuzi zimabisala kwambiri. Mukafuna wolankhula naye wodziwa dementia, a Admiral Nurses a bungwe la Dementia UK ali ndi lamya yaulere.

Tsikulo likadzafika ali kunyumba, musaimbe 999, nambala ya ambulansi. Imbirani district nurse, GP kapena 111 (lamya ya NHS), munene kuti imfayi imayembekezeka, adzabwere kudzatsimikiza. Palibe chothamangira, mutha kukhala nawo, kuitana abusa ndi ana. Ngati banja likufuna kuti akaikidwe ku Malawi, pamafunika chilolezo cha coroner (mkulu wofufuza za imfa) chotulutsa thupi mu England, chomwe amapempha ndi Form 104, ndipo nthawi zambiri pamadutsa masiku 4 a ntchito. Mtengo wa ndege ndi wokonza thupi ndi waukulu, choncho khalani pansi ndi ana komanso akuchimuna panopa, ndipo mufunse mitengo kwa okonza maliro awiri kapena atatu omwe anatumizapo thupi ku Lilongwe kapena ku Blantyre.