Asisi, tsiku la 14 lija si la aliyense

Kwa asisi amene mwafunsa mosatchula dzina: mwati munasiya jakisoni wolera miyezi 8 yapitayo, kusamba kwabwerera koma kumabwera pakatha masiku 33 mpaka 35, bambo a kunyumba amagwira ntchito ku Lilongwe ndipo kuno ku Kasungu amabwera mwa apo ndi apo, ndiye mukufuna kudziwa masiku oti muziwaitana kuti mutenge pathupi. Ndawerenga ndemanga zonse. Ambiri akuti "tsiku la 14 basi, musavutike". Pamenepo ndiye pali vuto.

Zoti dzira limatuluka pa tsiku la 14 zimagwira kwa mayi amene mwezi wake ndi wa masiku 28. Chomwe sichisinthasintha kwambiri ndi masiku a pakati pa kutuluka kwa dzira ndi kusamba kotsatira, omwe amakhala 12 mpaka 14. Choncho timawerenga chobwerera m'mbuyo. Inuyo wa masiku 35, chotsani 14, mupeza 21. Ngati wakhala wa 33, ndi tsiku la 19. Kuwerenga kumayambira tsiku loyamba kuona magazi enieni, osati tsiku lomaliza kusamba monga amachitira ambiri. Mwina bambowo akhala akukwera minibasi pa tsiku la 13, kubwerera Lolemba, dzira n'kudzatuluka iwo ali kale ku Area 25.

Kumbukiraninso kuti dzira likatuluka limakhala ndi moyo maola 12 mpaka 24 okha, pamene mbewu ya abambo imatha kudikira m'thupi mpaka masiku 5. Ndiye mbewu ndi imene iyenera kufika msanga n'kudikira dzira. Masiku awiri kapena atatu dzira lisanatuluke ndi amene ali ndi mwayi waukulu. Kwa inu ndinganene kuti abwere kuyambira tsiku la 16 mpaka la 21, ndipo kukhala malo amodzi tsiku lililonse kapena kudumphitsa tsiku limodzi n'kokwanira.

Koma ine chimene ndimachikhulupirira kuposa kalendala ndi chikazi. Mukangomaliza kusamba kumakhala kouma, kenako kumabwera chikazi choyera chomata, chothothoka mukachigwira. Dzira likayandikira chimasintha, chimakhala chooneka ngati madzi, choterera, ndipo mukachitenga pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala chimatamuka osaduka, ndendende therere kapena madzi a dzira laliwisi. Mumamva ndi popukuta pomwe kuti pepala likutsetsereka. Tsiku limenelo imbani foni, musadikire Loweruka. Dzira likadutsa chimaumanso. Kungoti muzichiyang'ana musanakhale malo amodzi, chifukwa umuna umasokoneza, ndipo chikazi chonunkha, choyabwa kapena chobiriwira si chizindikiro cha dzira, chimenecho n'chopita nacho kuchipatala. Ndipo chonde, zoika mankhwala owumitsa kapena kutsuka m'kati ndi sopo zisiyeni, mukuchotsa njira imene mbewu imayendamo.

Wina watchula zoyeza kutentha kwa thupi. Zimagwira, koma mochedwa. Mumayeza m'mawa uliwonse musanatsike pabedi, ndipo dzira likatuluka kutentha kumakwera pang'ono, madigiri 0.2 mpaka 0.5, n'kukhala pompo mpaka kusamba. Ndiye kuti zimakuuzani kuti ladutsa kale. Ine ndinayesapo miyezi iwiri, wachitatu malungo anandigwira, manambala onse n'kubalalika, ndinasiyira pomwepo. Ubwino wake ndi wongotsimikiza kuti dzira likutulukadi.

Ngati m'thumba muli kanthu, m'mafamase ena muli timapepala toyezera mkodzo, tofanana ndi toyezera mimba koma tosiyana ntchito, funsani ta ovulation, kutanthauza kutuluka kwa dzira. Timaona holomoni yotchedwa LH, imene imakwera maola 24 mpaka 36 dzira lisanatuluke. Samalani powerenga: mizere iwiri payokha siyikwanira, wachiwiri uyenera kuda mofanana ndi woyambawo kapena kuposa. Inuyo muyambe kuyeza cha pa tsiku la 16 kuti musawononge tambiri. Mkanda wowerengera masiku uja, wa mikanda yoyera yoimira tsiku la 8 mpaka 19, musauyese, anaupangira amayi a masiku 26 mpaka 32. Kaululu kobaya mbali imodzi ya chinena dzira likamatuluka ena amakamva, ena ayi, sindikawerengera.

Za jakisoni musade nazo nkhawa. Sapha chiberekero monga akunenera ena mu gulu muno, amangochedwetsa. Amayi ambiri amatenga pathupi patatha miyezi pafupifupi 10 kuchokera pa jakisoni womaliza, ena kupitirira chaka. Miyezi 8 yanuyo sinafike pamenepo n'komwe.

Chaka chikatha mukuyesa osaphula kanthu, kapena miyezi 6 ngati mwapitirira zaka 35, pitani ku chipatala cha boma pa Kasungu kapena ku St Andrew's ku Mtunthama, ndipo mupite awiri. Vuto limapezekanso kwa abambo, ndipo kuyeza umuna n'kosavuta kusiyana ndi zoyeza ife. Mwezi ukamadumpha masiku 35 kawirikawiri, kapena kusowa miyezi itatu, musadikire chaka.

Pakadali pano gulani kakope, muzilemba tsiku loyamba kusamba ndi mmene chikazi chikuonekera madzulo aliwonse. Ikakwana miyezi iwiri mundipeze ku inbox tiwerengere limodzi.