Mlongo wanu asalole kutsekeredwa kumbuyo kwa lole

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chibavi. Akuti mlongo wawo wamng'ono watsimikiza zopita ku Joni. Pasipoti alibe, koma transipota wina wamuuza kuti asade nkhawa, adzamuwolotsa. Funso lawo ndi ili: "Kodi amene amafera m'njira si anthu a ku Ethiopia okha?"

Mayi, ndiyambire pafupi ndi kwathu konkuno. Mu Okutobala 2022, m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba munapezeka dzenje momwe munakwiriridwa anthu 25, ndipo atafufuza mozungulira mitembo inakwana 30. Onse anali amuna, ndipo apolisi anati anali ochokera ku Ethiopia. Oyeza mitembo anapeza kuti anafa chifukwa chobanika. Ine ndikamadutsa pa M1 ku Chikangawa m'mamawa, chifunga chitaphimba mitengo ya paini, mtima umandipweteka ndikakumbukira kuti ana a eni ake anatayidwa m'menemo ngati zinyalala.

Mu Malichi 2020 ku Tete, m'kontena ya lole yochokera kuno ku Malawi munapezeka anthu 64 atafa, amoyo 14 okha. Mu Juni 2012 bwato linagubuduzika pa nyanja cha ku Karonga, anthu 47 n'kumira. Inde, onsewa anali a ku Ethiopia. Koma chinawapha si mtundu wawo ayi, ndi kubisidwa. Munthu wopanda zikalata amasanduka katundu wa mwini galimoto. Dalaivala akaona rodibuloko patsogolo satsegula chitseko, ngakhale a m'katimo agogode bwanji. Mpweya ukatha, anthu amayamba kukomoka. Ndipo wina akafa, kwa ozembetsawo mtembo wake ndi umboni wowamangitsa, n'chifukwa chake amaukwirira kutchire usiku. Kumudzi makolo amangodikira foni, chaka n'kutha, osadziwa ngakhale pokalira maliro.

Mlongo wanuyo njira yake ndi yomweyo: Mwanza kapena Dedza, Tete, Zimbabwe, mpaka pa Beitbridge, chipata cholowera ku South Africa. Wopanda pasipoti sadutsa pa mlatho. Amatsitsidwa mdima uli bii n'kuuzidwa kuti awoloke Limpopo wapansi. Nthawi ya mvula mtsinjewo umadzaza mwadzidzidzi, muli ng'ona, ndipo m'tchire la m'mbali mwake mumabisala achifwamba otchedwa magumaguma, amene amalanda ndalama ndi mafoni, kuvulaza anthu ndi kugwiririra amayi. Amenewa safunsa kuti kwanu n'kuti.

Sindikunyoza mnyamatayo. Ndikudziwa mmene zimawawira kukhala pa depoti tsiku lonse osapeza ngakhale ganyu, anzako a ku Joni akutumiza malata kwawo. Ndikudziwanso kuti pasipoti ndi yodula ndipo imachedwa kutuluka. Komabe ofesi ya Immigration ili mu Mzuzu momwe muno, ndipo Mmalawi wa pasipoti amalowa ku South Africa popanda viza kwa masiku 30, atakhala pampando wa basi, dzina lake litalembedwa pachipata. Ndalama imene akufuna kupatsa transipotayo ayambe wakalipirira pasipoti.

Akakakamirabe, khalani naye pansi pamaso pa transipotayo, mufunse nokha: "Pa Beitbridge mudzamudutsitsa pa mlatho kapena m'madzi? Adzakhala pampando kapena kumbuyo ndi katundu?" Akayamba kuzungulira poyankha, mutengeni mlongo wanu muzipita kunyumba.