Akakuwerengerani Aefeso 6:5, apempheni afike pa ndime 9

Mlongo wina wa ku Mtendere mu Lusaka, m'dziko la Zambia, wandilembera imelo. Amagwira ntchito ya m'nyumba, miyezi itatu sanalandire, ndipo akafunsa, madamu amawatsegulira Aefeso 6:5 pamene akapolo akuuzidwa kumvera ambuye awo. Mneneri winanso wawauza kuti kumtundu kwawo kuli mzimu waukapolo, apereke ndalama ngati mbewu kuti amasulidwe. Akufunsa kuti: kodi Mulungu anandilenga kapolo?

Ayi, mlongo wanga, kutalitali. Kalata yanu yandilasa mtima chifukwa amayi anga anakalambira pa ntchito yomweyo.

Tinkakhala ku Kalingalinga. Amayi ankalawira mbandakucha wapansi kupita ku Kabulonga, dera la anthu olemera, n'kubwerako kutada, ife titagona. Kumeneko anali ndi kapu ndi mbale zawozawo, zosungidwa pansi pa sinki, kutali ndi ziwiya zimene iwo omwe ankatsuka. Lamlungu eni nyumba akapita kutchalitchi, iwo ankatsala akusita. Ana amene anawabereka kumsana ali makanda ankawaitana ndi dzina ngati mnzawo wosewera naye. Chonsecho kumpingo kwathu amayi omwewo anali mtsogoleri wa Chigwirizano, anthu ankabwera kwa iwo ndi milandu ya m'banja. Malipiro akachedwa ankatiphikira phala madzulo, n'kutiuza kuti tipempherere abwana. Ine ndinkakana kutsinzina. Ndinkadzifunsa ngati Mulungu wa m'nyumba ija ndi wa kwathu anali mmodzi.

Lero ndikunena mosapsatira: kumana munthu malipiro n'kumutsekera pakamwa ndi Baibulo ndi kuba, ndiponso ndi mwano kwa Mwini Mawu. Ndime 9 ya mutu womwewo wa Aefeso 6 imalamula ambuye kusiya kuopseza, popeza Ambuye wa onse ali kumwamba ndipo alibe tsankho. Deuteronomo 24:15 amati waganyu wosauka alipidwe tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Yakobo 5:4 amati malipiro obisidwa amafuula, ndipo Mulungu amamva. Komanso Paulo ankalembera anthu a mu ufumu wa Aroma amene ankagulidwa pamsika. Inu sanakugulani. Munapangana ntchito ndi mtengo wake.

Zoona, muli ndime zolemera, monga Levitiko 25:44-46 yololeza Aisraele kugula akapolo kwa mitundu ina, ndipo sindiidumpha. Koma chilamulo chomwecho pa Eksodo 21:16 chimaika imfa pa wakuba munthu n'kumugulitsa, ndipo Deuteronomo 23:15 amaletsa kubweza kapolo wothawa. Paulo anabweza Onesimo kwa Filemoni kuti akalandiridwe ngati mbale wokondedwa, osatinso ngati kapolo.

Kuwerenga kodumphadumphaku n'kwakale. Mu 1807 ku London anasindikiza Baibulo lodulidwa la akapolo a kuzilumba za Caribbean. Nkhani ya kutuluka mu Igupto anaichotsa, Agalatiya 3:28 anachotsanso, koma Aefeso 6:5 anaisiya. Ankadziwa bwino chimene buku lathunthu lingachite mumtima wa kapolo. Ndipo ife sitingati izi n'zakutali. Ku Ndola kunali mtengo umene amalonda a akapolo ankasonkhanirapo, ndipo Achikunda ankagwira anthu m'chigwa cha Luangwa. Mu 1974 tinaimika chipilala cha munthu wodula maunyolo mu Independence Avenue, mu 1991 tinadzitcha dziko lachikhristu, koma m'makhitchini mwathu mwana wa mnzathu wochokera ku Katete kapena ku Petauke akadadyabe makombo ataimirira. Zimenezi zimandiwawa kwambiri.

Za mzimu waukapolo

Ukapolo wamumtima ulipodi. Yesu pa Yohane 8:34 anati wochita tchimo ndi kapolo wa tchimolo. Sananene kuti wosauka, sananene kuti wokolopa m'nyumba ya wina. Anatinso munthu sangatumikire Mulungu ndi chuma. Ndiye pakati pa inu amene mwagwira ntchito mokhulupirika ndi munthu amene dzanja lake likukanika kutulutsa ndalama zimene si zake, womangidwa ndani? Madamu anuwo apempherereni ndithu, akufunika kumasulidwa.

Mneneriyo musam'patse ngakhale ngwee. 1 Petro 1:18-19 amati sitinaomboledwe ndi siliva kapena golide koma ndi mwazi wa Khristu, ndipo Simoni atafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama, Petro anamudzudzula koopsa pa Machitidwe 8:20. Munthu wopempha mbewu kwa mayi amene sanalandire miyezi itatu akungomangirira chingwe china pa chimene chilipo kale. Hagara anali mdzakazi wothawa nkhanza, alibe kanthu m'manja, koma mngelo wa Yehova anam'peza m'chipululu n'kumuitana ndi dzina lake.

Tsono chitani izi. Lembani m'kope tsiku limene munayamba, mtengo umene munapangana ndi miyezi imene simunalandire. Funsani kamodzinso mwaulemu pali mboni, kaya mkulu wampingo kapena wachibale. Akakana, pitani ku ofesi ya zantchito. Wantchito wa m'nyumba lamulo limamuteteza, ndipo mu Januwale 2024 boma linaika malipiro ake otsikitsitsa pa K1,300 pamwezi. Musapite nokha, ndipo kopelo musalisiye m'nyumba ya abwana.