Yankho kwa mayi amene akufuna kupikula zaluso za amisiri a kunyanja

Mayi, mwalemba kuti mwalandira gawo lanu ku banki m'khonde ndipo mukufuna kuyamba kupikula zosema ndi zoluka kwa amisiri a m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, kuti muzigulitsa ku Lilongwe komanso kutumizako zina kwa achemwali anu amene ali ku Johannesburg. Mwafunsa ngati malondawa ali ndi phindu, ndiponso kumene mungayambire. Ndaona kuti angapo akuyankhani kale kuti mungopita ku Senga Bay, mukanenerere mpaka wosema atagonja, mudzaze galimoto n'kubwerako. Ine kwathu ndi ku Salima ndipo ndinakulira pakati pa anthu oluka ndi osema, choncho ndiloleni ndisiyane nawo maganizo abale athuwa. Phindu lilipo ndithu, koma mudzalipeza mukakhala ndi amisiri awiri kapena atatu odalirika amene mukugwira nawo ntchito chaka chonse, makamaka miyezi imene alendo sabwera. Kufinya munthu tsiku limodzi kumakupatsani katundu wotchipa ulendo woyamba, koma ulendo wachiwiri adzakusungirani zimene ena anazikana.

Yambani mwaona mmene chaka cha mmisiri wa kunyanja chimayendera. Alendo ochokera kunja amachuluka kuyambira Meyi mpaka Okutobala, ndipo a m'dziko mom'muno amadzaza magombe pa tchuthi cha Amayi, pa Khirisimasi ndi pa Isitala, komanso pa zisangalalo zikuluzikulu monga Lake of Stars, imene inayambira ku Chintheche mu 2004. Kuyambira Januwale mpaka Malichi msewu umakhala zii, chimanga chili pamtengo wokwera, ana akufuna fizi, ndipo wosema amene anakana mtengo wanu mu Ogasiti akhoza kukupatsani chiboliboli chomwecho pa ndalama yongogulira ufa wa masiku awiri. Zaka zapitazi zawonjezera mabala pamwamba pa mabala. Mu 2020 Covid-19 inatseka maulendo a ndege ndipo alendo anasowa kwa nthawi yaitali. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, zimene zinakweza mtengo wa sandipepa, vanishi, guluu, misomali ndi polishi, pakuti zambiri mwa zimenezi zimachokera kunja. Mu 2024 madzi a m'nyanja anakwera mpaka kulowa m'malo ena ogona alendo ku Mangochi ndi ku Salima. Amisiri ena anasiya, analowa usodzi, kabaza, kapena anatsika ku Joni. Amene atsala luso ali nalo, chimene akusowa ndi mpamba wogulira mitengo ndi zipangizo, ndiponso wogula amene angabwerenso mawa.

Za malo, msewu wochoka pa boma la Salima kupita ku Senga Bay ndiwo uli pafupi ndi inu, ndipo mudzapezako ziboliboli, mipando, madengu ndi mikeka. Ku Mangochi, m'njira ya ku Monkey Bay, kuli oluka mlaza amanja abwino kwambiri, ena mpaka amaluka timagalimoto ndi tindege tokhala ndi zitseko zotseguka, timene ana a m'tauni satha kutisiya. Ku Chembe, kumene alendo amakutchula kuti Cape Maclear, ndi ku Nkhata Bay, malonda ake amatsamira pa achinyamata oyenda ndi zikwama kumsana, motero mudzaona zibangili, mikanda, zojambula pansalu, zokolekera makiyi zolembedwa mayina, ndi mathalauza osokedwa ndi chitenje. Ku Nkhotakota kuli malo oumba ndi kuotcha mbale ndi makapu a dothi, ndipo pachilumba cha Likoma, kumene mungafike pa Ilala, kuli gulu lotchedwa Katundu limene limapanga nyali zokongoletsera m'nyumba kuchokera ku magalasi a mabotolo otayidwa.

Komabe musanagule kanthu, ndikupemphani kuti mukayambire ku Mua, kufupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza. Mishoni ya kumeneko inakhazikitsidwa ndi ansembe a White Fathers mu 1902, ndipo mu 1976 Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zaluso a Kungoni, amene aphunzitsa osema ambiri a dera limenelo. Sindikukutumizani kuti mukapikule kumeneko, pakuti mitengo yake si ya wopikula. Ndikufuna mukaphunzitse maso anu. Mukagwire chosema chimene munthu anachigwirira ntchito milungu ingapo, muone mmene zala ndi makwinya a pamphumi zatulukira, muone kuti ngakhale kuseri ndi kunsi n'kosalala, kenako mukafika pamsewu mudzasiyanitsa msanga ntchito ya mmisiri ndi ya munthu amene akuthamangitsa njovu khumi pa tsiku.

Tsopano nkhani ya katundu amene ayenera kudya ndalama yanu. Ziboliboli za njovu, mvuu, nyamalikiti ndi mapu a Africa zinapangidwira mlendo amene akufuna chokumbukira ulendo wake, ndipo mlendo ameneyo ku Lilongwe ali kale ndi mavenda omudikirira pafupi ndi positi ofesi ya ku Old Town, amene akhala pa malondawa zaka zambiri ndipo amadziwa kulankhula naye. Simungawapose mosavuta. Amene inu mungamufikire ndi Mmalawi wa ku Area 47 kapena Area 25 amene wamanga nyumba ndipo akufuna mipando ya pakhonde, dengu loikamo zovala zochapa, timphasa ta patebulo, chophimbira nyali, bawo losema bwino, kapena mphatso ya pa chinkhoswe ndi pa ukwati. Ndi mwini malo odyera amene akufuna mipando makumi awiri yofanana. Ndi ofesi imene ikufuna mphatso za alendo a pa msonkhano. Anthu amenewa amagula nyengo iliyonse ndipo akakhutira amatumizana. Koma amafuna chinthu chimodzi chimene amisiri athu ambiri sanazolowere, ndicho kufanana kwa katundu. Mukaitanitsa mipando isanu ndi umodzi osapereka muyeso, mudzalandira mipando yokongola yonse koma wina wamtali, wina wotambalala, wina wopendama. Gulani tepi yoyezera, mulembe miyeso papepala, musiye mpando umodzi wachitsanzo kwa mmisiri ndipo wina mutenge inu, kuti pasadzakhale kutsutsana.

Pa zosema, chenjerani ndi mtengo umene wagwiritsidwa ntchito. Phingo weniweni ndi wolemera kwambiri moti kachidutswa kake kamamira m'madzi, mkati mwake ndi mwakuda mwachibadwa, ndipo kunja kwake kumakhala kachigawo koyererako kamene osema ena amakasiya dala kuti kakongoletse. Popeza phingo akusowa, ena amasema mtengo wamba n'kuupaka polishi wakuda wa nsapato mpaka kuwala. Nyamulani chinthucho mumve kulemera kwake, muchitembenuze, mukande pang'ono kunsi ndi chikhadabo kapena kiyi. Ngati pakutuluka poyera, mwadziwa. Sindikunena kuti chosema cha mtengo wamba n'choipa, ayi, koma chigulidwe ndi dzina lake komanso pa mtengo wake. Vuto lalikulu koposa ndi mtengo wauwisi. Mmisiri wopanda mpamba sangasunge chipika miyezi yambiri kuti chiume, ndiye amasema chikadali ndi madzi. Mbale kapena mpando wa mfumu umaoneka bwinobwino pagombe pamene pali chinyontho, koma ukakhala milungu ingapo m'nyumba ya ku Lilongwe nthawi ya Okutobala umang'aluka, ndipo amene adzakuimbireni foni mokwiya ndi kasitomala wanu.

Pa zoluka mdani ndi kufumbwa. Nsungwi zodulidwa zisanakhwime, kapena zolukidwa zisanaume, zimakopa tizilombo toboola, ndipo chizindikiro chake ndi kaufa kosalala kamene mumakapeza pansi pa mpando m'mawa. Pogula, ugwedezeni mpandowo ndi kuumenya pang'ono pamalo osesa, muyang'ane ngati pagwa kaufa, muyang'anenso timabowo tonga toboola ndi singano. Khalanipo, mutsamire, mumve ngati chimango chikulira. Mkeka wa mlaza muutambasule wonse padzuwa, muone ngati mizere yasokedwa mothinana komanso ngati utoto sukutsalira m'manja mukaupaka ndi chala chonyowa. Mphasa ya bango muione m'mphepete, pakuti imayambira kumeneko kumasuka. Zoluka zimene zasungidwa m'nyumba yodontha nthawi ya dzinja zimanunkha nkhungu, ndipo fungo limenelo silichoka ngakhale mutaziyanika masiku angati.

Mukaona zimenezi mudzazindikira kuti pafupifupi chilema chilichonse cha katunduyu chimabadwa ndi changu, ndipo changucho chimabadwa ndi njala. Apa ndi pamene ndalama yanu ya banki m'khonde ingagwire ntchito imene wopikula wongodutsa sangaichite. Gwirizanani ndi mmisiri m'chilimwe kuti adule ndi kuyanika nsungwi, mlaza ndi mitengo nthawi yake, mumupatse gawo la ndalama loyambira, ndipo ntchito yoluka ndi kusema aigwire m'miyezi ija imene msewu uli zii. Iye adzakhala ndi chakudya mu Febuluwale popanda kutaya katundu wake pa mtengo wachisoni, ndipo inu mudzakhala ndi katundu wouma, wofanana, wokonzeka nyengo ya maukwati isanafike. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Komabe musapereke ndalama yonse pakamodzi, pakuti amisiri nawonso ndi anthu, ndipo maliro kapena matenda akagwa pakhomo ndalama ya katundu wanu ndiyo idzayambe kugwira ntchito. Yambani ndi oda yaing'ono, mulembe mgwirizano m'kope pamaso pa mboni, kaya mkulu wa gulu la amisiriwo kaya nyakwawa, ndipo muzitumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kuti uthenga uzikhala umboni. Mufunsenso kuti mukumane ndi amene amagwiradi ntchitoyo. Ambiri amene amaima pamsewu ndi ogulitsa chabe, ndipo wosema kapena woluka ali kumudzi, nthawi zambiri mayi kapena bambo wachikulire amene amalandira kagawo kochepa kwambiri. Wogulitsayo musamunyoze, iyenso ali pantchito, koma miyeso ndi madandaulo anu zikadutsa pakamwa pa anthu atatu zimafika zitasintha.

Za kunenerera, nenererani ndithu, pakuti mtengo woyamba umene mudzauzidwa pagombe ndi wa mzungu ndipo aliyense akudziwa zimenezo. Koma funsani kaye kuti ntchitoyo yatenga masiku angati ndipo zipangizo zadya zingati, kenako muwerengere ngati ndalama imene mukufuna kupereka ingafike pa malipiro a munthu waganyu pa masiku omwewo. Zimandipweteka kuona munthu amene sanenerera m'sitolo yaikulu akulimbana ndi gogo woluka dengu pa ndalama yosakwana kugula sopo.

Pali mbali ya malamulo imene sinatchulidwe m'mayankho ena. Lamulo la zankhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa pambuyo pake, silolola kudula mitengo yachilengedwe m'nkhalango zotetezedwa popanda chilolezo, ndipo dera lozungulira Chembe lili m'kati mwa Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Kuyambira mu 2017 phingo ali pa mndandanda wa mgwirizano wa CITES, umene umayang'anira malonda a zomera ndi nyama zimene zili pangozi. Mlendo wonyamula kachosema kake kamodzi savutitsidwa, koma wotumiza katundu wambiri wa malonda amafunika zikalata. Chilichonse cha mnyanga wa njovu, mano a mvuu kapena chikopa cha nyama yakutchire musachikhudze n'komwe ngakhale atakutsitsirani chotani, chifukwa makhoti athu masiku ano akupereka zaka zambiri za ndende pa milandu imeneyi. Pa chifukwa chimenechi ndingakonde kuti mutsamire pa mlaza, bango, nsungwi, dothi ndi chitenje, zimene zimapezeka popanda kugwetsa mtengo umene watenga zaka makumi ambiri kuti ukule, ndipo pa zosema mulimbikitse amisiri anu kugwiritsa ntchito mitengo yodzala monga malaina ndi mango akale.

Nkhani ya ku Johannesburg ndi yoona kuti msika ulipo. Mipando yoluka ya kuno ndi yodziwika kwambiri ku South Africa moti m'masitolo a kumeneko amaigulitsa ndi dzina la dziko lathu, ndipo mtengo wake ukautembenuza kukhala makwacha umachititsa chidwi. Chimene chimadya phindu ndi ulendo. Katundu amatuluka pa Dedza kapena pa Mwanza, n'kudutsa Tete, Nyamapanda, Zimbabwe yense mpaka Beitbridge, ndipo onyamula amalipiritsa potengera malo amene katunduyo watenga, pamene mpando ndi wopepuka koma wodya malo. Madengu olowetsana lina m'kati mwa linzake, timphasa ta patebulo ndi mikeka yokulunga zimayenda motchipa kwambiri kuposa mipando. Musanatumize, mukafunse ku bungwe lotolera misonkho la MRA ndi ku Dipatimenti ya Zankhalango za zikalata zofunika, kuphatikizapo chosonyeza kuti katundu wa zomera wathiridwa mankhwala ophera tizilombo, ndipo achemwali anu ayambe apeza ogula pogwiritsa ntchito zithunzi pa WhatsApp ndi kulandira gawo la ndalama. Ine ndikanakhala inu ndikanayamba ndagulitsa ku Lilongwe kwa chaka chathunthu, kufikira nditadziwa mmisiri amene amasunga miyeso ndi tsiku, ndipo katundu wa mmisiri ameneyo yekha ndiye ndikanamukweza basi ya ku Joni.