Kodi Fireflash ingaulukedi? Yankho kwa bambo amene mwana wawapanikiza ndi mafunso

Achimwene, mwati mnyamata wanu waonera Thunderbirds, pulogalamu yakale ya pa TV, pa YouTube ndipo sakukupatsani mpata wopuma. Akufuna kudziwa ngati ndege ija ya Fireflash inalikodi, ndipo ngati kunalibe, bwanji mpaka lero palibe amene waipanga. Ena pamwambapa akuyankhani kuti ndi zidole basi, musataye nazo nthawi. Inde ndi zidole, zingwe zake zimaoneka ngakhale pafoni. Koma mwanayo wafunsa zanzeru, ndipo amene analemba nkhaniyi ankadziwa bwino pamene pagona vuto la ndege yotereyi.

Kwa amene simunaonereko, Fireflash imaonekera m'gawo loyambirira, "Trapped in the Sky", limene linaonetsedwa koyamba ku Britain pa 30 September 1965. Opanga ake anali Gerry ndi Sylvia Anderson, ndipo ankajambulira ku Slough, kufupi ndi London. M'nkhanimo ndegeyi ndi yatsopano, ili pa ulendo wake woyamba wochoka ku London kupita ku Tokyo, imayendera mphamvu ya nyukiliya ndipo imathamanga pa Mach 6, kutanthauza kuwirikiza ka 6 liwiro limene phokoso limayendera mumpweya. Chigawenga chija chadazi, Hood, chimabisa bomba pamene pamalowa matayala, moti ndegeyo ikangotera pa matayala ake iphulika. Cholinga chake n'chakuti gulu lachinsinsi lopulumutsa anthu la International Rescue litulukire poyera kuti iye ajambule makina awo. Ndiye mungati, si ingozungulira m'mwambamo mpaka anthu apeze nzeru? Injini zake zikhoza kuisunga m'mwamba miyezi 6 osatera. Koma chotchinga chimene chimateteza okwera ku cheza choopsa cha nyukiliya chatsala ndi maola awiri ndi mphindi 10 kuti chileke kugwira ntchito. Nkhani yonse yatsamira pa chotchinga chimenecho.

Za liwirolo, muuzeni mwanayo kuti munthu anafikapo kale pa Mach 6. Pa 3 October 1967, William "Pete" Knight anayendetsa ndege yoyesera ya ku America yotchedwa X-15 pa liwiro la makilomita 7,274 pa ola, pafupifupi Mach 6.7. Mpaka pano palibe ndege ya injini yokhala ndi munthu mkati imene yaposa pamenepo. Koma taonani mmene zinkachitikira. X-15 inali ya mpando umodzi. Sinkanyamuka yokha pabwalo, inkapachikidwa pansi pa phiko la ndege yaikulu ya B-52 n'kukaitaya m'mwamba. Injini yake ya roketi inkamaliza mafuta m'mphindi pafupifupi ziwiri, kenako n'kumangotsetsereka mpaka kukatera m'chipululu cha ku California. Tsiku la Knight lija ndegeyo inabwera itapsa, zitsulo zina zakumunsi zitabooka ndi kutentha, ndipo sinaulukenso. (Neil Armstrong nayenso anayendetsapo X-15 asanapite kumwezi, mwanayo akamva zimenezo asangalala.)

Kutenthako kumachokera kuti? Mukamapopa tayala la njinga mwachangu, pampu imatentha m'manja chifukwa mpweya wapanikizika. Ndege yothamanga kuposa phokoso imapanikiza mpweya umene uli kutsogolo kwake, mpweyawo usanapeze kothawira, ndipo liwiro likamakwera kutentha kumakwera mopitirira. Ndege ya Concorde, imene inanyamula anthu kuyambira 1976 mpaka 2003, inkangofika pa Mach 2, koma mphuno yake inkatentha mpaka madigiri 127 ndipo thupi lonse linkatalika ndi masentimita pafupifupi 20 ili m'mwamba. Anaimira pa Mach 2 dala, poti kupitirira apo aluminiyamu imayamba kufooka. SR-71 ya asilikali a ku America, imene inkadutsa Mach 3, anachita kuipanga ndi titaniyamu, ndipo ikakhala pansi inkadontha mafuta chifukwa zitsulo zake zinkagwirana bwino pokhapokha zikafufuma ndi kutentha. Pa Mach 6 mbali zakutsogolo zimapitirira madigiri 1,000. Tsono Fireflash ili ndi zipinda zochezera m'mapiko, anthu akumwa zakumwa zawo n'kumayang'ana pawindo. Pamenepo ndiye opanga anangotisangalatsa.

Nkhani ya nyukiliya ndi imene ineyo imandichititsa chidwi kwambiri, chifukwa anthu anayesadi, ndipo anawonongerapo ndalama zankhaninkhani. Pakati pa 1955 ndi 1957 asilikali a ku America anaulutsa ndege yotchedwa NB-36H maulendo 47 m'mlengalenga mwa Texas ndi New Mexico, itanyamula ng'anjo ya nyukiliya yoyaka. Ng'anjoyo sinkayendetsa injini ayi, ankangofuna kuona ngati anthu angakhale nayo m'ndege imodzi osavulala. Anaiika kumbuyo, oyendetsa n'kuwaika kutsogolo kwenikweni m'chipinda chokutidwa ndi mtovu ndi labala, cholemera matani pafupifupi 11, mawindo ake ochindikala masentimita oposa 20. Ikamauluka, ndege ina inkaitsatira itanyamula asilikali a maparachuti, kuti ikagwa atsikire pomwepo n'kutchinga dera lonse anthu asayandikire. Dziko la Soviet Union nalo linayesa zofananazo ndi ndege ya Tu-95LAL. M'chaka cha 1961 Pulezidenti John F. Kennedy anathetsa ntchito yonse ya ku America ija, itadya ndalama pafupifupi madola 1 biliyoni popanda ndege ngakhale imodzi youluka ndi mphamvu ya nyukiliya.

Chimene chinawagonjetsa ndi chotchinga chomwecho. Chikakhala chochindikala mokwanira kuteteza anthu, ndege imalemera mpaka kulephera kunyamula katundu waphindu. Chikapepuka, okwera amadwala. Sitima zankhondo zapamadzi zimayendera nyukiliya bwinobwino chifukwa madzi sadandaula ndi kulemera, koma ndege imawerengera kilogalamu iliyonse. Ndiye a Anderson atalemba patangopita zaka zochepa kuti ndege yawo ili ndi mphamvu za miyezi 6 koma chotchinga cha maola owerengeka, anali atakhudza pachilonda penipeni. Pamene anaphonya ndi pa kamangidwe. Pa Fireflash chipinda cha oyendetsa chili kumchira, pafupi ndi injini zomwezo, pomwe akatswiri enieni ankathawitsira anthu kutali ndi ng'anjo mmene angathere. Imaoneka yokongola, sindikana, koma woyendetsa wake sindikanamusirira.

Palinso phokoso. Ndege ikadutsa liwiro la phokoso imakoka mkokomo wonga bingu njira yonse imene ikudutsa, ndipo m'chaka cha 1973 dziko la America linaletsa ndege za anthu wamba kuthamanga chotero pamwamba pa mtunda wake. N'chifukwa chake Concorde inkangokhalira kuwoloka nyanja ya Atlantic, ndi anthu pafupifupi 100 okha olipira matikiti odula zedi. Ulendo wa London ndi Tokyo ndi wa makilomita pafupifupi 9,500, ndipo mbali yaikulu ndi pamtunda pokhala anthu. Pa Mach 6 ungatenge ola limodzi ndi theka kapena kupitirirako pang'ono, koma mayiko a m'njiramo sangalole. Zoyesera zopanda munthu zilipo, monga X-43A ya NASA imene inafika pa Mach 9.6 mu November 2004, injini yake itayaka kwa masekondi 10 okha.

Mukamaoneranso naye gawo lija, muonetsetse pamene akuipulumutsa. Virgil wa gulu la International Rescue amabwera ndi ndege yawo ya Thunderbird 2 itanyamula magalimoto a denga lafulati othamanga pabwalo, kuti ndege itere pamsana pawo matayala ake ali mkati. Situdiyo inali yaing'ono, panalibe malo oti tizidole ta magalimoto tithamange mtunda wautali. Derek Meddings, amene ankayang'anira zojambula zoterezi, anakonza malamba oyenda mozungulira, wina wa msewu, wina wa udzu wa m'mbali, wina wa mitambo, aliyense pa liwiro lake. Magalimoto ndi ndege zinkangoima pamalo amodzi zitamangidwa ndi waya, pansi n'kumathamanga. Pojambula, waya wa galimoto imodzi unaduka, galimotoyo n'kupatuka mwangozi. Zinaoneka bwino kwambiri moti anazisiya momwemo n'kuwonjezera kachigawo koti ikawombe ndege ina yoimikidwa pabwalopo. Ngozi imene mwana wanu anaiona pa kuyesa koyamba kutera ija inayamba choncho.

Ngati akufunabe Fireflash, mupezereni gawo lotchedwa "Operation Crash-Dive". Mmenemo ndege zamtunduwu zikugwera m'nyanja ya Atlantic popanda wodziwa chifukwa, Scott, m'bale wake wa Virgil, akukwera nawo pa ulendo woyesera, ndipo m'bale wawo wina, Gordon, akupeza munthu atabisala m'phiko akudula mawaya. Kuti ndege isagwe, Gordon akugwirizanitsa mawaya odukawo ndi manja. Zimenezo mumuchenjezeretu mnyamatayo asakayesere pa soketi yakunyumba.