Galasi likhala bwanji lopanda kaumbidwe?

Wowerenga wina wanditumizira imelo iyi: "M'buku la sayansi ndapezamo mawu akuti amorphous. Dikishonale ikuti ndi chinthu chopanda kaumbidwe, koma bukulo lapereka chitsanzo cha galasi. Nanga tambula yagalasi ilibe kaumbidwe?"

Dikishonale yanuyo sinaname, kungoti yakuuzani mbali imodzi. Mawuwa anachokera ku Chigiriki, komwe a- amasonyeza kusowa ndipo morphe ndi kaumbidwe. Koma asayansi akamawatchula sayang'ana kunja kwa chinthu. Amanena za mmene maatomu, tizidutswa tosaoneka ndi maso timene timapanga chinthu chilichonse, akhalira m'kati mwake.

Tengani kambulu ka mchere mukaike pansi pa galasi lokuzira zinthu. Muona kuti kali ndi mbali zosalala ndi ngodya zake, kabokosi kenikeni. Chimachititsa n'choti maatomu a mcherewo anandanda m'mizere yobwerezabwereza ngati asilikali pa perete. M'galasi mizere yotere mulibe. Galasi lamoto limazizira maatomu asanapeze mpata wondanda bwino, ndiye amangouma pomwe ali. N'chifukwa chake mchere umasweka motsata mbali zowongoka pamene galasi limasweka mokhotakhota. Pa moto nazonso zimasiyana: ayezi, amene m'kati mwake mulinso mizere ngati ya mchere, amasungunuka pa madigiri 0 enieni, koma galasi limayamba lafewa pang'onopang'ono, mpake amisiri amatha kuliuzira mpweya n'kuumba botolo.

Mwina munamvapo zoti mawindo a matchalitchi akale a ku Ulaya ndi ochindikala m'munsi chifukwa galasi limayenderera pakapita zaka. Zimenezo n'zabodza. Magalasiwo ankatuluka osafanana kuchindikala kuchokera kwa owapanga.

Kunja kwa sayansi tanthauzo la amorphous limamasuka. Atolankhani amatchula choncho gulu la anthu lopanda mtsogoleri wodziwika, loti sungaloze pomwe layambira ndi pomwe lathera. Mphunzitsi akalemba mawuwa pa nkhani ya wophunzira, dziwani kuti sakuyamikira: akunena kuti nkhaniyo ilibe mutu weniweni, mfundo zangomwazikana. Pamenepa ine sindiona chifukwa chovutikira ndi Chingerezi, poti "chopanda mutu" kapena "chosalongosoka" zikukwana bwinobwino.

Pa mayeso a sayansi pokha samalani. Musayankhe kuti galasi lilibe kaumbidwe, mungaluze malikisi. Lembani kuti ndi cholimba chimene maatomu ake sanasanjike mwadongosolo lobwerezabwereza.